Malikisi a Mwini Laputopu

1. Ziro

Njuchi anali atawerama pa beseni kuseri kwa nyumba, akuchapa yunifolomu ya amayi ake. Amayiwo anali namwino. Anali atangofika kuchokera ku ntchito, ndipo anakhala pakhonde atavula nsapato, akusisita mapazi otupa.

Geti linalira. Analowa Mtali, mnzake wa Njuchi wa ku yunivesite, chikwama cha laputopu chili kumsana. Masiku onse mnyamatayu ankalowa ndi nthabwala pakamwa. Koma tsikuli anapereka moni kwa amayi, n'kungoima ngati mtengo wouma.

"Wabwera kudzanditenga kapena kudzayeza mpanda wathu?" Njuchi anafunsa osadzutsa mutu.

"Malikisi a polojekiti atuluka."

"Ndiye pakamwa pauma chifukwa chiyani? Tagwa?"

"Ine ndakhoza kuposa kalasi yonse," Mtali anatero. "Iwe akupatsa ziro."

Sopo anapulumuka m'manja mwa Njuchi n'kugwera m'dothi.

Polojekiti imeneyi ankapanga awiriawiri m'phunziro lolemba mapulogalamu a kompyuta. Njuchi ndi Mtali anapanga pulogalamu yoika odwala pamzere kuchipatala, kuti wodwalitsitsa aziyamba kuonedwa. Laputopu ya Njuchi inali itafa kumayambiriro kwa semesita, choncho ntchito yonse ankaigwirira pa ya Mtali. Njuchi ndiye ankalemba khodi, mizere ija ya malangizo imene kompyuta imatsatira. Mtali ankayesa ngati zikuyenda, n'kumakonza maonekedwe.

Chimene onse awiri sanachiganizire n'chakuti laputopu imadziwa mwini wake yekha. Njuchi akatumiza ntchito ku tsamba la phunzirolo pa intaneti, inkapita m'dzina la Mtali. Tsono aphunzitsi ankagawa malikisi poona mizere imene munthu aliyense watumiza m'dzina lake. Pansi pa dzina la Mtali panali phiri. Pansi pa la Njuchi panali mbee.

"Ziro?" Njuchi anaweramuka, thovu likutsikira m'zigongono. "Ine ziro? Nanga iwe amene sutha kulemba mizere itatu osandifunsa?"

"Ndikudziwa, aise. N'chifukwa chake ndabwera. Tiye tikafotokoze."

"Ukudziwa tanthauzo lake? Phunziro ili ndikagwa, ndibwereza chaka chonse. Inu muzikavala mikanjo yomalizira maphunziro, ine ndili pa benchi ndi ana a m'mbuyo mwathu!"

Anakankha beseni ndi phazi. Madzi anayenderera mpaka pa nsapato za Mtali, koma Mtali sanasunthe.

"Zachita bwino," Njuchi anatero akupukuta manja pa siketi. "Lero lomwe kuli msonkhano uja. Andimva."

2. Mawu a pakhonde

Kumapeto kwa semesita iliyonse dipatimenti inkaitana oimira makalasi kuti anene mmene ophunzira aonera kaphunzitsidwe ndi kachongedwe ka mayeso. Kalasi ya Njuchi inasankha iye chifukwa sankaopa munthu. Dzina la Njuchilo anamupatsa ndi anzake omwewo, poti mawu ake ankaluma.

Dzulo lake kalasi inali itamutuma nkhani zomveka. Aphunzitsi ankathamanga pophunzitsa ngati akuthawa mvula, osapereka mpata wofunsa. Ntchito zochongedwa zinkabwera mochedwa, zili ndi nambala yokha, popanda mawu osonyeza pamene munthu walakwitsa. Makompyuta ambiri a mu labu anali akufa, moti anthu ankaunjikana pa imodzi.

Amayi anali atamva zonse ali pakhonde.

"Tabwera kuno, ukhale apa."

"Ndilibe nthawi, amayi."

"Nthawi yokankha mabeseni uli nayo, yokhala pansi ndiyo ulibe? Khala."

Njuchi anakhala m'mphepete mwa khonde, nkhope ataloza kumpanda.

"Mwana wanga, akulakwira, sindikukana," amayi anatero. "Ndinkakuona ndi maso angawa ukubwera kunyumba maso atafiira ndi kompyuta. Koma tamvera. Kuntchito kwathu timakhalanso ndi misonkhano yotere. Ndaonapo anamwino akulowamo atasenza dandaulo la wodi yonse, n'kutulukamo atangotula la mumtima mwawo. Amene anawatuma amatsala ndi mavuto awo omwe aja. Anzako sanakutume kukalira malikisi ako. Nkhani yako yabwera m'mawa uno, iwo anakutuma dzulo. Kanene zimene anakutuma, uzimalize. Ukatero ukagogode pa ofesi ya aphunzitsi, iwe ndi mnzakoyu, mukafotokoze za laputopu modekha.

"Chinanso ndi ichi. Munthu wokwiya amaona mdani pankhope iliyonse. Usakatchule munthu pa chinthu chimene sukuchidziwa bwino. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. M'chipinda cha msonkhano mumakhala munthu wolemba, ndipo cholembera sichidziwa kuti uyu walankhula ndi mtima wapachala. Mawa iwe udzakhala utazizira, koma pepala lidzakhala likadali lotentha."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," Njuchi anayankha.

"Atsekula, inde. Sathyola."

Amayi anatambasula dzanja kuti apemphere naye asananyamuke, koma Njuchi anali atalowa kale m'nyumba kukatenga nsapato. Awiriwo atatuluka pageti, amayi anatola sopo uja m'dothi, anamutsuka, n'kuwerama pa beseni. Milomo yawo inkagwedera popemphera, koma mawu sankamveka.

3. Alembe kapena asalembe

M'chipinda cha misonkhano munali tebulo lalitali ndi fani imene inkangolira osapereka mphepo. Kumutu kwa tebulo kunakhala mkulu wa dipatimenti, mayi wa imvi wovala magalasi, amene aliyense ankamutchula kuti a Pulofesa. Pambali pawo panali mlembi. Analiponso aphunzitsi a phunziro lija, ndi wowathandizira, amene ophunzira ankangoti achimwene a mu labu.

Achimwenewa ankachita digiri yachiwiri, ndipo anali munthu wosalankhulalankhula. Nthawi ya nkhomaliro ankasiya labu yotsekula pamene ena onse apita kukadya. Wophunzira akasokonezeka, ankakoka mpando n'kukhala naye mpaka khodi iyende. Njuchi atalowa, achimwenewa anamusunthira mpando n'kumunong'oneza kuti, "Achemwali, tikatuluka muno tionane."

Njuchi sanawayang'ane n'komwe.

Oimira makalasi ena analankhula mmodzimmodzi. Nthawi yake itakwana, Njuchi anatulutsa pepala la zimene kalasi inamutuma. Analiyang'ana, analipinda, n'kulibwezera m'thumba.

"Ine ndili ndi funso limodzi," anatero ataimirira. "Kodi pano mumachonga ntchito ya munthu kapena mumachonga laputopu?"

Anafotokoza zonse, mawu akukwera. Aphunzitsi anamvetsera akugogoda tebulo ndi cholembera.

"Lamulo ndinalinena tsiku loyamba," anatero. "Aliyense atumize ntchito m'dzina lake. Zili pa silaidi imene ndinakuonetsani pakhoma m'kalasi."

"Silaidi iti? Ija inadutsa ngati mphezi? Bwanji simunatifunse kuti ndi angati ali ndi malaputopu awoawo? Mwandipatsa ziro osandifunsa funso ngakhale limodzi la khodi imene ndinalemba ndekha!"

"Modekha, mwana wanga," anatero a Pulofesa.

"Ine sindiwerenga mizere ndekha," aphunzitsi anapitiriza. "Chiwerengero chimachokera ku labu. Amasonkhanitsa ndi awa." Analoza achimwene ndi cholembera chija.

Njuchi anatembenuka thupi lonse.

"Kani ndi inu? Inu amene munkandiona tsiku ndi tsiku ndikulemba?"

"Achemwali, nkhani imeneyo ine..."

"Musanditchule achemwali! Munaona ziro pa dzina langa n'kungotumiza osaphethira. Ndiye ndadziwa tsopano. Ndinamuona Mtali akukupatsirani kajumbo mu labu, muli awiriwiri. Lero wapambana kalasi yonse. Malikisi akugulitsidwa m'dipatimenti ino!"

Fani yokha ndiyo inkamveka.

A Pulofesa anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mawu amenewo ndi olemera," anatero. "Kunena kuti njira yochongera ndi yoipa ndi ufulu wako, ndipo n'chimene takuitanira. Kunena kuti munthu wagulitsa malikisi ndi mlandu. Zikalowa m'buku la msonkhano, ine sindingazichotsemo. Ukuona mlembi waimitsa dzanja. Ndikufunsa: alembe kapena asalembe?"

Mtsikana woimira kalasi ina anamukoka Njuchi malaya kumbuyo. Njuchi anamukutumula.

"Alembe."

Cholembera chinayenda. Achimwene anatsekula pakamwa, koma a Pulofesa anakweza dzanja.

"Lamulo silikulolaninso kuyankha muno. Mudzayankha ku komiti ya mwambo. Tulukani kaye."

Achimwene anaimirira. Anabwezera mpando wawo pansi pa tebulo, anatuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire. Msonkhano unathera pomwepo.

4. Kajumbo

Panja pa chipindacho anzake a m'kalasi anali akudikira, ena atatsamira khoma, ena atakhala pamasitepe.

"Za makompyuta akufa aja ati chiyani?" anafunsa mmodzi.

"Nanga za kuchonga mochedwa?"

"Sitinafikepo," Njuchi anayankha.

"Simunafikepo bwanji? Ndiye mumakambirana za mvula?"

Mtsikana uja amene anamukoka malaya anafotokoza zonse, osasiya kanthu. Phokoso linabuka. Wina anati semesita yonse yapita m'madzi. Wina anati anasankha njuchi kuti ibweretse uchi, osati kuluma anthu. Wina anafunsa kuti tsopano labu azitsekula ndani nthawi ya nkhomaliro, mayeso ali pafupi chonchi.

Mtali anadutsa pakati pawo. Nkhope yake Njuchi anali asanaionepo chotero.

"Kajumbo kati?" anafunsa.

"Usandinamize. Ndinakuona."

"Unandiona, eya. Unafunsa? M'kajumbo muja munali chaja chawo cha laputopu! Chathu chitapsa anatibwereka chawo, iwo n'kumagwira ntchito pa kompyuta yakale ya mu labu. Chaja chimenecho iweyo ndi amene unachigwiritsa ntchito kumalizira polojekiti. Ine ndinkangobweza."

Njuchi anayang'ana pansi.

"Ndinadzuka m'mamawa kubwera kwanu," Mtali anapitiriza. "Ndinali wokonzeka kukauza aphunzitsi kuti malikisi awa si anga ndekha, achotseko apatse mwini wake. Madzi ako a sopo ndawaponda osadandaula. Iwe wandisandutsa wogula malikisi pamaso pa a Pulofesa. Bambo anga akamva zimenezi ndikawauza chiyani?"

"Mtali, ine ndimafuna..."

"Umafuna kuluma. Waluma."

Anakonza chikwama kumsana n'kutsika masitepe. Nthawi yomweyo mlembi anasuzumira pakhomo n'kunena kuti a Pulofesa akumufuna Njuchi ku ofesi.

5. Mu ofesi

A Pulofesa sanamukalipire. Anamuonetsa mpando, anamuthirira madzi m'kapu, n'kudikira kuti amwe.

"Ndikuuza chinthu chimene sunachidziwe," anayamba motero. "M'mawa uno, ndisanaike n'chikwama pansi, mnyamata amene wamunenayu anali atandidikira pakhomopa. Anati chiwerengero cha mizere chanamiza aphunzitsi. Anati iye ndi mboni kuti khodi ya polojekiti yanu unalemba ndiwe, poti ankakuona mu labu. Anapempha kuti tikuitane, tikukhazike pa kompyuta, ufotokoze ntchito yako pakamwa, tikupatse malikisi oyenera. Anatinso si iwe wekha, alipo ena amene anagwirira pa laputopu imodzi. Ndinavomera. Tinagwirizana kuti akuuze msonkhano ukatha."

Njuchi anaika kapu patebulo.

"Tsopano taona pamene tafika. Munthu amene ali pa mlandu wa malikisi sangachitire wina umboni pa nkhani ya malikisi. Mawu ake a m'mawa aja sindingawagwiritsenso ntchito. Labu ndamulanda mpaka komiti iweruze. Malikisi a mnzako ndawaimitsa. Ako akadali pomwe anali.

"Ndakhala pa mpando uno zaka zambiri, mwana wanga. Misonkhano imeneyi sinabwere yokha. Kale wophunzira analibe pakamwa. Mphunzitsi akalemba ziro, zatha. Tinalimbana kuti inu muzimvedwa. Alipo aphunzitsi mpaka lero amene amati kufunsa ophunzira n'kutaya nthawi, amangobwera kudzatukwana. Lero wawapatsa chonena. Ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti funso lako loyamba linali labwino. Kuchonga munthu powerenga mizere ndi njira yopunduka, ndipo ndikanakuthandiza kuigwetsa. Unali ndi nkhwangwa yakuthwa m'manja, mtengo woyenera kudula uli patsogolo pako. Iwe watembenuka n'kutema amene amakugwirira chingwe."

"Ndinakwiya," Njuchi anatero motsitsa mawu.

"Kukwiya si mlandu. Inenso ndakwiya pano, koma sindinakunamizire kanthu."

A Pulofesa anavalanso magalasi.

"Njira zilipo ziwiri. Ungaime pa mawu ako, ukapereke umboni ku komiti. Ngati ulibe, iye adzayera, koma nkhani zotere zimatenga nthawi, ndipo fungo lake silichoka msanga pa munthu amene akufuna kudzakhala mphunzitsi. Kapena ubweze mawu ako lero, mlembi alembe kuti unanena zopanda umboni. Ukatero iye abwerera ku labu, koma amene akaime pamaso pa komiti ndiwe, chifukwa kunamizira munthu ndi mlandu pano. Chimene komiti ingagamule sindingakulonjeze. Ena anawachenjeza chabe. Ena anawaimitsa sukulu."

"Ndiyankhe liti?"

"Ndisanatseke ofesi ino. Pita ukaganize."

6. Makiyi a labu

Njuchi sanapite kukakhala pansi pa mtengo kuti aganize. Miyendo inamutengera ku labu.

Munali anthu ambiri kuposa masiku onse, koma munalibe phokoso. Ophunzira anaunjikana atatuatatu pa makompyuta amoyo. Achimwene anali pa tebulo lawo pakona, akulongedza mabuku m'katoni. Mlonda wa nyumbayo anaima pafupi kudikira makiyi, akuyang'ana kudenga ngati munthu amene watumidwa ntchito yosaifuna.

Mnyamata wina wa chaka choyamba anakweza dzanja. "Achimwene, yakananso."

Achimwene anasiya katoni. Anapita, anawerama, analoza pa sikirini ndi chala. "Apa mwatsekula koma simunatseke. Yesaninso." Mnyamatayo anayesa, ndipo khodi yake inayenda. Achimwene anamusisita paphewa n'kubwerera ku katoni yawo.

Atadzutsa mutu anamuona Njuchi ataima pakhomo. Anthu onse anatembenuka. Mtali analinso momwemo, kumbuyo kwenikweni, laputopu yake ili yotseka.

"Wabwera kudzamaliza?" wina anafunsa.

"Mwina waiwala kutchula mlonda," anatero winanso. Palibe anaseka.

Achimwene anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwapereka kwa mlonda. Ananyamula katoni. Njira yotulukira inali imodzi, ndipo Njuchi anali ataima pomwepo.

"Ndidutse nawo," anatero mwaulemu, maso ali pa katoni.

Kumbuyo kwa Njuchi kunamveka nsapato. Anali mlembi, buku la msonkhano lili m'khwapa.

"A Pulofesa akuti akutseka posachedwa. Akufuna yankho lako."

Njuchi sanacheuke. Mawu ake, amene anadzaza chipinda cha misonkhano, anayamba ndi kunong'ona, moti anakhosomola n'kuyambiranso mokweza kuti wa kumbuyo kwenikweni amve.

"Tsekulani bukulo pompano, alembi, mulembe anthu onsewa akumva. Ndinanena zabodza. Palibe malikisi amene anagulitsidwa. M'kajumbo muja munali chaja chimene anatibwereka, ndipo ine sindinafunse. Ku komiti ndipita ndine."

Mlembi anatsekula buku n'kulitsamiritsa kukhoma. Achimwene anali chiimire, katoni ili m'manja.

"Inu a m'kalasi, munandituma ndipo sindinafikitse. Mtali, ndakuipitsira dzina pamene iwe unabwera kudzandithandiza." Njuchi anapumira m'mwamba, misozi ikutsika osaipukuta. "Achimwene, inu munapita kukandilankhulira ine ndisanadziwe n'komwe kuti ndagwa. Ine ndakulandani ntchito. Sindikupempha kuti mukandichitirenso umboni. Ndalakwa pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu. Chonde, achimwene, ndikhululukireni."